Mafunso ndi mayankho: zimene akafukufuku apeza zokhudza munda, nkhokwe ndi thanzi kuno ku Chigawo cha Kum'mawa

Mafunso awa ndi amene amabwerabwera pa misonkhano ya makopaletivu, pa sikelo ya ana ndiponso pa madepoti ogulitsira chimanga, kuyambira ku Nyimba mpaka ku Lundazi. Pa yankho lililonse tatchula kumene kafukufukuyo anachitikira ndi chimene anayesa kwenikweni, chifukwa uphungu wopanda muyeso umangotayitsa mlimi mbewu.

Kodi kafukufuku amene timamva pa wailesi amachitikadi kuno kwathu?

Wambiri amachitika pakhomo pathu pomwe. Siteshoni ya Msekera, imene ili pafupi ndi tauni ya Chipata pansi pa ZARI, bungwe la boma lofufuza za ulimi, ndiko kunachokera nshawa za MGV4 ndi MGV5, ndipo chilembo M pa mayinawo chikuimira Msekera. Nkhani za ganyu ndi njala anazifufuza m'midzi ya boma la Chipata, za masese a nkhumba ku Katete ndi ku Sinda, za chimanga cha olenji ndi malungo ku Nyimba.

Kafukufuku wodalirika amagawa midzi kapena minda mwa maere. Ena amalandira chinthu chatsopanocho, ena amapitiriza monga mwa masiku onse, ndipo pomaliza amayerekeza magulu awiriwo. Popanda maere, alimi olimbikira kale ndi amene amathamangira chatsopano, ndiye simungadziwe ngati chakweza zokolola ndi mbewuyo kapena khama la mwini munda.

N'chifukwa chiyani mlimi amasiya munda wake uli m'tchire kukapalira wa mnzake? Si ulesi umenewo?

Si ulesi ayi, ndipo izi zinayesedwa. M'nyengo za njala za 2014 ndi 2015, Günther Fink, Kelsey Jack ndi Felix Masiye wa ku University of Zambia anagwira ntchito m'midzi 175 ya boma la Chipata, ndi mabanja opitirira 3,000. M'midzi ina yosankhidwa mwa maere, banja linkatha kutenga ngongole mu Januwale: K200 yoti lidzabweze K260 likakolola, kapena matumba 3 a chimanga a makilogalamu 50 oti lidzabweze matumba 4. Mabanja 98 pa 100 alionse anaitenga, ndipo chaka choyamba oposa 90 pa 100 anabweza yonse.

Mabanja amene anapeza ngongoleyo anachepetsa maganyu n'kumatandala m'minda yawo, ndipo zokolola zinakwera ndi 8 kapena 9 peresenti. Popeza ofuna ganyu anachepa m'mudzi, mtengo wa ganyu unakwera, motero ngakhale amene ankapitabe ku ganyu ankabwerako ndi kambiri. Amene anapindula kwambiri ndi mabanja osaukitsitsa. Olemba aganyu okha ndiwo anamva kuwawa, chifukwa analipira mokwera.

Chimachitika n'chakuti ufa umatha mu Januwale ndi Febuluwale, nthawi yomwe udzu wafika pachimake. Bambo akapita masiku 5 kukapalira kwa wina kuti apeze meda ya chimanga, udzu wa m'munda mwake ukudya feteleza amene anathira. Kuchedwa kupalira pa milungu 6 yoyambirira ndiko kumapha chimanga kwambiri. Kwa magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama phunziro lake ndi ili: musagawane thumba lonse mu Disembala kuti mudye Khisimisi. Siyani gawo lobwereketsa mu Januwale, lobweza mu Juni kapena Julayi, pa chiwongoladzanja chotsika kuposa cha kaloba.

Timakolola bwino, koma chimanga chimatithera mu Novembala. Pali chimene apeza pa zimenezi?

Chilipo, ndipo sichilira ndalama. Kelsey Jack ndi Felix Masiye pamodzi ndi anzawo ena anabwereranso ku Chigawo cha Kum'mawa n'kufunsa alimi atangokolola kuti, kupatula chakudya, adzagwiritsa ntchito zochuluka bwanji chaka chonse. Kenako alimi ena anawapatsa bolodi la zithunzi loti aganizire chinthu chimodzichimodzi: za sukulu, sopo ndi mchere, chigayo, mbewu ndi feteleza, matenda, maliro. Atawerenga motero, alimi omwewo anapeza kuti zofunika n'zambiri kuposa zimene anatchula poyamba, chifukwa tinthu ting'onoting'ono timaiwalika. Amene anachita masamuwa analowa nyengo ya njala ali ndi zosunga zochuluka ndi pafupifupi 15 peresenti, ndipo chaka chotsatira anakolola zoposa anzawo ndi pafupifupi 9 peresenti.

Kuchita kwake n'kosavuta. Mukamaliza kutonola, khalani pansi nonse, bambo ndi mayi. Werengani matumba. Patulani achakudya mwezi ndi mwezi mpaka Epulo, ndipo ena onse muwalembe ndi makala kapena choko kuti ili ndi la sukulu ya Januwale, ili la feteleza, ili la matenda. Cholakwika chofala n'kuiwala chimanga chimene chimatuluka ndi meda, lero kusinthanitsa ndi kapenta, mawa ndi ndiwo. Chimenecho chipatseni thumba lakelake, likatha latha.

Chuku cha pa nshawa ndi chimanga n'choopsa motani? Makolo athu ankadya osafa.

Nkhungu yotchedwa Aspergillus flavus imakhala m'dothi, ndipo imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu saoneka, sanunkha, ndipo satha ndi moto wophikira nsima kapena wokazingira nshawa. Akachuluka amapha msanga: ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga chotere. Kuno ku Zambia mu Ogasiti 2024 Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa, ndipo poyeza ufa wochokera ku zigayo zina anapeza poizoniyu wopyola muyeso. Akamalowa pang'onopang'ono kwa zaka amawononga chiwindi mpaka khansa, makamaka mwa munthu amene ali kale ndi kachilombo ka hepatitis B. Makolo ambiri amene ankati afa ndi kutupa mimba mwina n'zimenezi, kungoti panalibe woyeza.

Nkhunguyi imalowa mbewu ikafooka ndi ng'amba chakumapeto kwa nyengo, kapena makoko akang'ambika ndi khasu, chiswe ndi mbozi. Ikatero imafalikira mbewu ikasungidwa isanaume. Ndiye zoyenera kuchita zimayambira kumunda. Bzalani nshawa ndi mvula yoyamba, ndipo mukumbe zikangokhwima, pamene mkati mwa makoko 7 kapena 8 pa 10 muli mawanga akuda. Musaziunjike pansi mulu wothinana. Zisanjeni mozungulira, nshawa kuloza mkati, pakati posiya mpata woti mphepo izidutsa, monga alangizi amaphunzitsira pa njira ya Mandela cock.

Chizolowezi choipitsitsa n'chowaza madzi pa nshawa kuti makoko afewe posenda, kapena kuti thumba lilemere pa sikelo. Madzi amenewo amadzutsa nkhungu usiku umodzi wokha. Chachiwiri n'chakuti nshawa zabwino zimapita kumsika, zonyala ndi zoboola n'kutsala kuti asinjire phala la mwana. Poizoni wambiri amakhala m'zonyalazo. Zikwirireni m'dzenje, musapatse nkhuku kapena ng'ombe yamkaka, chifukwa poizoniyo amadutsira mumkaka.

Ndingadziwe bwanji kuti chimanga chauma mokwanira popanda makina?

Chimanga chosunga chimafuna chinyezi cha 13 peresenti kapena kutsikirapo, nshawa zosenda 7 mpaka 8. Tengani botolo lagalasi louma bwino, thiranimo chimanga mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu, onjezani masupuni akulu 2 kapena 3 a mchere umene mwauumitsa kaye padzuwa kapena m'chiwaya. Tsekani, khutchumulani kwa mphindi imodzi, lisiyeni mphindi 15. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo, chimangacho chikadali ndi madzi, chibwezeni pa mphasa kapena pa tenti. Musayanike pa dothi.

Matumba osalowa mpweya, monga a PICS, ali ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja. Anankafumbwe amafera momwemo mpweya ukatha, popanda mankhwala. Amalephera pa zifukwa zitatu: mwaikamo chimanga chonyowa, mwamanga mapulasitiki onse pamodzi m'malo momanga lililonse palokha mutafinya mpweya, kapena khoswe waboola. Asanjeni pa mitengo, osagunda khoma.

Nanga Aflasafe ndi mankhwala anji?

Si mankhwala opha tizilombo. Ndi mapira okazinga kuti asamere, opakidwa mitundu ya nkhungu yomweyo koma yosatulutsa poizoni, yotengedwa m'nthaka ya Zambia ndi akatswiri a ZARI ndi a IITA, bungwe la maiko ambiri lofufuza za ulimi. Nkhungu yabwinoyi ikayamba kukhazikika m'munda, yoipa imasowa malo. Muyeso wake ndi makilogalamu 10 pa hekitala, kutanthauza makilogalamu 2.5 pa lima. Mumamwaza ndi manja milungu 2 kapena 3 chimanga chisanamasule, dothi lili lonyowa. Malizani kupalira musanamwaze, chifukwa mukakwirira njerezo ndi dothi sizigwira ntchito. M'minda yoyesera m'maiko angapo a mu Africa poizoni ankatsika ndi 80 peresenti kapena kuposa. Koma kuumitsa bwino kumafunikabe.

Ntchemberezandonda tazipopera kangapo koma sizikufa. Tikulakwitsa pati?

Mbozi iyi inachokera ku America. Inaoneka mu Africa koyamba mu 2016, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho inali itafika mu Zambia. Muizindikire ndi chizindikiro chonga Y wozondoka pamutu ndi madontho anayi akuda kumchira. Gulugufe wake amaikira mazira 100 mpaka 200 pamalo amodzi, okutidwa ndi tiubweya.

Ambiri amapopera mochedwa. Mbozi ikakula imalowa mkati mwa nsonga ya chimanga n'kudzitsekera ndi ndowe zake zonga utuchi, mankhwala osaifikira. Nthawi yoigwira ndi pamene masamba ali ndi timawindo toonekera, mbozi zikadali zazing'ono. Yenderani munda kawiri pa mlungu kuyambira chimanga chitangomera. Yendani mokhotakhota ngati chilembo W, imani malo 5, ndipo pamalo alionse onani mapesi 10. Chimanga chikadali chaching'ono, poperani mukapeza mapesi 10 mwa 50 ali ndi zizindikiro zatsopano. Chikafika m'chiuno, dikirani mpaka 20 mwa 50. Pansi pa pamenepo phwanyani mazira ndi mbozi ndi zala, chifukwa chimanga chodya bwino chimaphukanso ngakhale masamba ataoneka onyansa.

Poperani m'mamawa kwambiri kapena dzuwa litapendeka, nozo italoza m'nsonga mwenimweni. Osasakaniza mankhwala awiri mongoganiza, ndipo osabwereza mtundu umodzi nyengo yonse, chifukwa mbozi zimauzolowera. Kupopera mwachisawawa kumaphanso nyerere, mavu ndi tizilombo tina timene timadya mbozizi. Ku East Africa, bungwe lofufuza za tizilombo la icipe linapeza kuti minda yobzala chomera cha mtundu wa nyemba chotchedwa desmodium pakati pa mizere ya chimanga ndi udzu wa brachiaria m'malire inali ndi mbozi zochepa ndi 80 peresenti kuyerekeza ndi chimanga chokhachokha.

Chilala cha 2024 chinabwera ndi kusintha kwa nyengo kapena ndi El Niño?

Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko, mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa 2.2 miliyoni a chimanga atapserera. Gulu la asayansi la World Weather Attribution litasanthula, linapeza kuti gwero lalikulu linali El Niño, kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific kumene kumabwera pakapita zaka 2 mpaka 7 n'kuchepetsa mvula kum'mwera kwa Africa. Ubwino wake ngwakuti El Niño amaoneka miyezi ingapo mvula isanayambe. Mukamva a zanyengo akumutchula mu Sepitembala kapena Okutobala, sankhani mbewu yocha msanga ndipo musaike munda wonse ku chimanga. Kutentha kwa dziko nakonso kukukwera ndithu, ndipo kumaumitsa dothi msanga ngakhale mvula itagwa yofanana ndi kale.

Gamphani amathandizadi, kapena ndi ntchito yothyola msana chabe?

Zonse ziwiri n'zoona, ndipo amene amabisa mbali yachiwiriyo amalakwira alimi. Mayeso a zaka zambiri a ZARI ndi CIMMYT, bungwe lofufuza za chimanga, kuphatikizapo a ku Msekera, akuonetsa kuti phindu limaonekera pakadutsa nyengo 2 mpaka 5, ndipo limakula kwambiri chaka cha mvula yochepa. Kafukufuku wamkulu wa 2015 wophatikiza mayeso a maiko ambiri anapeza kuti kungosiya kugalauza, popanda kuphimbira ndi mapesi ndiponso popanda kasinthasintha wa mbewu, kumatsitsa zokolola. Ndiye amene amakumba maenje koma n'kutentha mapesi, kapena kuwasiyira ng'ombe, watenga ntchito yolemetsa n'kutaya phindu lake.

Dzenje likhale lotalika masentimita 30, mulifupi 15, kuya 20 kuti libowole chidothi cholimba chimene khasu ndi pulawo zimasiya pansi. Pakati pa maenje 70, pakati pa mizere 90. Pa lima amakwana pafupifupi 3,960. Kumbani mukangokolola dothi lisanaume gwa, pang'onopang'ono, osati mu Okutobala. Thirani manyowa, bwezerani dothi kusiya kadzenje kosaya, ndipo chaka chamawa mubzale m'maenje omwewo. Chimene chimagwetsa ambiri ndi udzu, umene umachuluka zaka zoyambirira. N'chifukwa chake timalangiza kuyamba ndi lima imodzi. Pa dothi la m'dambo losunga madzi, chaka cha mvula yambiri maenje amadzaza n'kuoletsa mizu, choncho kumeneko mizere ili bwino.

Mitengo ingalowe m'malo mwa feteleza?

Ingachepetse amene mumagula. Ku Msekera m'zaka za m'ma 1990 akatswiri a ICRAF, bungwe lofufuza za mitengo ya m'minda, anaonetsa kuti munda wogonekedwa zaka 2 ndi jerejere umabereka chimanga choyandikira cha munda wothira feteleza pa nyengo yoyamba, kenako mphamvuyo imatsika chaka ndi chaka. Mtengo wa gliricidia ndiwo umakhalitsa: mumadula n'kukwirira masamba ake aawisi, iwo n'kuphukanso. Mitengoyi imapereka nayitirojeni, koma fosifolasi amene ali mu D compound sikwanitsa kumupereka wokwanira.

Msangu umayoyola masamba m'dzinja, motero suphimba chimanga. Ubzaleni motalikirana mamita 10, mitengo 100 pa hekitala, ndipo musayembekezere kusintha kwenikweni zisanakwane zaka zingapo. Vuto lake ndi chaka choyamba: moto, mbuzi ndi khasu la wopalira. Zikani kamtengo pambali pa mbande iliyonse ndipo lambulani mozungulira.

N'zoona kuti nkhumba zimayambitsa khunyu?

Nkhaniyi imamveka molakwika kawirikawiri. Munthu akadya nyama ya nkhumba ya masese yosapsa bwino, m'mimba mwake mumakula njoka yaitali yaphanthiphanthi yotchedwa Taenia solium. Mazira ake amatuluka ndi chimbudzi. Nkhumba ikadya chimbudzicho imagwira masese. Koma munthu akameza mazirawo kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'ndiwo zamasamba, masesewo amamera mwa iye, nthawi zina mu ubongo, n'kuyambitsa kugwa khunyu ndi mutu wosatha. Choncho ngakhale munthu wosadya nkhumba angadwale, ngati pakhomo pali wina wa njokayo.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati m'madera a njokayi pafupifupi 30 peresenti ya odwala khunyu amayamba chonchi, ndipo ku Katete, atajambula mitu ya odwala khunyu, opitirira theka anali ndi zizindikiro zake. Chosangalatsa n'chakuti komweko ku Katete, akatswiri a University of Zambia ndi anzawo a ku Belgium ankapereka mankhwala kwa anthu, katemera ndi mankhwala opha masese a oxfendazole kwa nkhumba, miyezi 4 iliyonse kwa zaka 2, ndipo pomaliza nkhumba zimene anazipima zinalibe masese amoyo. Oxfendazole amaperekedwa kamodzi, mamiligalamu 30 pa kilogalamu ya kulemera kwa nkhumba, ndipo isaphedwe pasanathe masiku 21. Funsani a vetenale. Pakhomo, mangani khola, chimbudzi chikhale ndi chitseko, ndipo nyama yootcha pamsika ikakhala yofiira mkati ibwezeni pamoto. Wodwala khunyu apite kuchipatala, mankhwala oletsa kugwa alipo, ndipo khunyu silipatsirana pomugwira.

Timagona m'masikito koma malungo sakutha. Chatsopano n'chiyani?

Udzudzu wa Anopheles funestus, umene ngwofala kuno, unazolowera mankhwala a pyrethroid a m'masikito akale. Masikito atsopano oonjezera mankhwala ena otchedwa chlorfenapyr, atayesedwa ku Tanzania ndi ku Benin, anachepetsa malungo a ana ndi pafupifupi 45 peresenti kuyerekeza ndi akalewo, ndipo WHO inawavomereza mu 2023. Ku Nyimba anayesa kutseka mawindo, zitseko ndi mipata ya pansi pa denga ndi waya wa sefa, ndipo mabanja a nyumba zimenezo anadwala masiku ochepa. Waya wa pa chitseko ndi umene umang'ambika msanga, muziusoka. Si zonse zimene zimatheka: nyambo za shuga wa poizoni zopachika pakhoma, zitayesedwa ku Western Province, sizinachepetse malungo mooneka. Katemera wa ana alipo mitundu iwiri, RTS,S ndi R21, ndipo ku Ghana, Kenya ndi Malawi kumene RTS,S anayambira mu 2019 imfa za ana a msinkhu wolandira zinatsika ndi 13 peresenti. Amafunika kubaya maulendo 4, ndipo masikito sasiyidwa.

Chimanga cha olenji si chija chachikasu cha nthawi ya njala?

Ayi. Ichi chinatulutsidwa mu Zambia mu 2012, ndipo anachipanga pokwatitsa mitundu ya chimanga kuti chikhale ndi vitamini A. Ku Nyimba, ana amene anadya nsima yake kwa masiku 90 anaonjezera vitamini A m'thupi mofanana ndi amene ankalandira wa mankhwala. Vitaminiyu amathawa ndi kuwala, kutentha ndi mpweya, ndiye sungani chosagaya m'thumba losalowa mpweya, muzigayitsa pang'onopang'ono, ndipo muyambe kudya chimenechi choyera chisanatsegulidwe.

Ndalama za Social Cash Transfer sizipangitsa anthu ulesi ndi uchidakwa?

Kafukufuku wa mapulogalamu awiri a boma, wina wa ku Kalabo, Kaputa ndi Shangombo umene unayamba mu 2010, anapeza zosiyana ndi zimenezo. Pa K1 iliyonse yolandira, banja linkafika pogwiritsa ntchito pafupifupi K1.67, chifukwa linkagula mbewu, nkhuku ndi mbuzi kapena kuyamba kabizinesi. Ndalama zopita ku mowa sizinakwere, ndipo amayi sanabereke ana ambiri pofuna kulandira.

Tinamva kuti ku Zambia kunapezeka chinthu chakale kwambiri. N'chiyani?

Ku mathithi a Kalambo, kufupi ndi Mbala, gulu lotsogozedwa ndi Larry Barham linafukula mitengo iwiri yosemedwa ndi kulumikizidwa mopingasa. Zotsatira zinatuluka mu 2023: yakhala zaka pafupifupi 476,000, ndipo ndi chomangidwa ndi mitengo chakale kwambiri chodziwika padziko lonse. Inasungika chifukwa inali m'dothi lonyowa losalowa mpweya.

Ndingayese bwanji ndekha mbewu kapena njira yatsopano ndisanaikhulupirire?

Sankhani malo a dothi lofanana, kutali ndi chulu, mtengo kapena pamene panali khola. Pimani tizigawo 6 ta mamita 10 mbali zonse. Lembani mapepala 3 a chatsopano ndi 3 a chakale, muike m'chipewa, mwana atole kuti adziwe kagawo kalikonse kalandira chiyani. Sinthani chinthu chimodzi chokha. Ngati mukuyesa mbewu, tsiku lobzala, feteleza ndi kupalira zikhale zofanana ponseponse. Mukakolola umitsani, tonolani, ndipo pimani kagawo kalikonse pa sikelo, osati ndi maso. Makilogalamu a kagawo kamodzi mukachulukitsa ndi 25 mupeza pafupifupi zokolola za pa lima. Lembaninso masiku amene munagwira ntchito ndi ndalama zimene zinalowa, ndipo mubwereze nyengo yachiwiri, popeza mbewu imene yapambana chaka cha mvula yambiri ikhoza kugonja chaka cha ng'amba.